Tambala wa pachinkhoswe changa

Anthu a kwathu kwa Mwambo akafuna kundiseka savutika ndi mawu ambiri. Wina amangolira "kokoliriko!" ndikamadutsa pa njinga, basi gulu lonse lafa ndi phwete. Ndinasiya kukwiya kalekale, pakuti nkhaniyi ndinaiputa ndekha.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene. Chinkhoswe changa ndi Esinati chinali pafupi, ndipo tambala woti ankhoswe anga akapereke kuchikazi ndinali nditamulera ndekha: wofiira, wamiyendo italiitali, woyenda ngati dziko ndi lake. (Ankadya mpunga wa ku sikimu ya Likangala masiku ena ine nditagonera chinangwa.)

Nthawi yomweyo kunabwera anthu a ku yunivesite, a ku nthambi yofufuza za katemera. Anati akhala zaka zambiri akukonza katemera wa chitopa wosaonongeka msanga ndi kutentha, woti n'kufika kumudzi kopanda firiji, ndipo ankafuna kumuyesa pa nkhuku zathu. Kadontho kamodzi m'diso, basi. Koma ku doko la Kachulu kunamveka zoti mankhwalawo ndi olera, tambala akalandira amagwa m'papaya. Tangoganizani, mkwati kupereka tambala wogwa m'papaya! Anthu akanati chiyani za ine?

Tsiku la katemera ndinatulutsa misoti yanga, koma tambalayo ndinamuvundikira ndi dengu kuchipinda.

"Nkhuku zanu ndi zomwezi, bambo?" anafunsa mayi amene ankatsogolera gululo.

"Zomwezi, mayi. Tambala ndilibe ine."

Pomwepo m'nyumba munamveka "kokoliriko!" wamphamvu, wochita kugwedeza denga.

"Ameneyo ndi mlendo," ndinatero.

Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi. "Sitikakamiza munthu, bambo. Mlendoyo akafuna, mudzatipeza."

Kutayamba kutentha, chitopa chinalowa m'mudzi. Misoti yanga ija inkangopalasa bwinobwino, koma bwana tambala uja anayamba kuodzera, mapiko atagwa ngati wavala jekete la eni. Ndinamumwetsa tsabola, phulusa, ngakhale kapisozi wa anthu. Anatisiya sabata ya chinkhoswe yomweyo. Ndinazungulira midzi pa njinga osapeza tambala. Kumene nkhuku sizinalandire katemera kunali zii, ndipo amene zawo zinalandira sankagulitsa chifukwa a yunivesite aja ankabwerabe kudzaziona nkhukuzo. Ndinaopa zedi. Amalume ake a Esinati anali atanena kale kuti mnyamata ameneyu ngosalongosoka, ndiye ndipite chimanjamanja?

Esinati anandipeza nditagwira tsaya. Tsiku lotsatira anabwera atasenza mtanga wa mpunga, pansi pake pali tambala wakuda wa amayi ake.

"Zathu zonse zinalandira mankhwala, zili moyo," anatero. "Mukangopereka yemweyu. Atambala akuda ngambiri, angamudziwe ndani?"

Chinkhoswe chinayamba bwino pabwalo la apongozi. Ankhoswe anga analankhula mwaulemu, nthungululu zikumveka, kenaka anatulutsa tambala uja. Posinthana manja, kachingwe ka kumiyendo kanamasuka. Ndinayembekeza kuti athawira kutchire ngati nkhuku yachilendo. Ayi ndithu. Anadzikung'untha, n'kudutsa pakati pa alendo mosatekeseka, n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe, n'kulowa m'khola pa kabowo kamene ngakhale ine sindinkakadziwa. Misoti ya pakhomopo inamulandira ngati wachokera ku Joni.



"Kodi tambala wa alendoyu njira ya m'khola mwathu waidziwa bwanji?" anafunsa amalume aja, maso ali pa ine.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Apongozi, amene mwamwambo sitinkayang'anana, analankhula ali kuseri kwa amayi anzawo.

"Achimwene, musavutitse mwana wa eni. Mesa ndamusowa masiku awiri tambalayo, ine osafunsa? Wabwerera kwawo. Mkamwiniyonso akubwera pakhomo pompano, azidzamudyetsa yekha."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mphasa, ndipo amalume analandira mawu athu akupukusa mutu.

Ndimawathokoza apongozi anga aja, Mulungu awasunge kumene anapita. Ndimathokozanso mayi wa ku yunivesite ndi anzake, amene dzina la mmodzi yemwe sindinafunse. Popanda kadontho kawo, ngakhale tambala wobwereka sakanapezeka, ndipo mwina Esinati akanakwatiwa ndi msodzi wina wa ku Kachulu. Masiku ano akatemera akafika ndimakhala woyamba pamzere, nkhuku kukhwapa, zidzukulu kumbuyo. Koma ikafika jakisoni yanga ine mwini, Esinati amachita kukandisaka kumunda.