Mvula ya Okutobala pansi pa bulugamu

Mukuseka chiyani inu aChisale? Siyani kaye bawoyo mundiyang'ane m'maso. Amene akuti ndikunama apite ku esiteti ya fodya ija ya kuseri kwa Ludzi akafunse za Jelemani Mbewe wodula mitengo. Akamuuza kuti matipate atangoyamba kumene, panalibe wokwera bulugamu ngati ine kuyambira kwa Zulu mpaka kumalire.

Kupatula sowo yodulira, zida zanga zinali zitatu basi: lamba wa m'chiuno wokhala ndi ngowe yachitsulo, chingwe chachitali chopotedwa ndi nkhosi zitatu, ndi kachingwe kakafupi kokulunga thunthu. Lamulo langa linali limodzi. Ndisanakwere, chingwecho ndinkachipapasa ndi manja kuchokera uku mpaka uko, kufuna pamene paperepeseka. Padzuwa sindinkachisiya, pafupi ndi feteleza ayi. Denga la nyumba litayamba kudontha ndinachisamutsira m'nkhokwe ya mtedza, poti ndiwo anali malo ouma kuposa onse, ndipo ndinadzitama kuti ndaganiza ngati munthu wamkulu.

Tsiku lina mu Okutobala kapitawo anandiitana kuti ndikagwetse nthambi youma imene inalendewera pamwamba pa nyumba za matenanti. Ndinapeza khamu likundidikira, amayi ana kumbuyo, madoda manja m'chiuno. Ndiye ndinati mumtima, ndikayamba kupapasa chingwe pamaso pa anthu onsewa ati Mbewe akuchita mantha. Sindinachipapase.

Ndinachiponya pamphanda, ndinamanga mfundo, n'kuyamba kukwera, kukwera, ndikafika pamphanda n'kuchiponyanso pa ina, kudutsa akhwangwala, kudutsa akabawi amene anandiyang'ana ngati ndabwera kudzawalanda malo, mpaka belu la tchalitchi cha ku Guilleme ndinkalimvera pansi pa mapazi anga, malole a pachipata cha malire ku Mwami ndinkawawerenga, ndipo mayi wina ku Chipata amene ankayanika chitenje anakweza mutu n'kundipatsa moni. Pansi anthu akutuluka thukuta, ine kumwambako mano akugundana ndi kuzizira. Mukumva?

Ndili choncho ndalendewera pambali pa thunthu, sowo ili m'manja, mphuno yanga inamva fungo la mtedza. Ndinakweza maso. Pamwamba pa mutu wanga, pamene dzanja silikanafika, chingwe chinali mbuu, mano a makoswe ali bwinobwino ngati pachitsononkho.

Thwa! Nkhosi yoyamba inaduka.

Abale anga, mantha mumawamva chabe. Sowo inapulumuka osadziwa kuti ndaitaya liti. Thwa! Yachiwiri. Ndinayamba kuzungulira m'malere, uku ndikuona Zambia, uku Malawi, uku Zambia, pansipo kapitawo akugwedeza chipewa poganiza kuti ndikuwavinira. Inatsala nkhosi imodzi, ndipo ndinkaimva ikulira pang'onopang'ono ngati waya wa gitala. Ndinaona mkazi wanga Nabanda atametedwa mpala pamaliro anga, ndipo ndinakumbukira kuti chichokere Pasaka sindinalape.

Kachingwe kakafupi kaja kanali lende m'chiuno. Ndinakaponya kuti kazungulire thunthu, kanaphonya. Kachiwiri zala zinakana kugwira. Kachitatu nsonga yake inabwerera mbali inayi, ndinaikola m'ngowe, ndipo nthawi yomweyo chingwe chachitali chinati phwa, n'kutsika chokha kukandidikira pansi. Ndinakumbatira mtengowo kuposa mmene ndinakumbatira munthu aliyense, mtima ukugunda thunthu mwamphamvu moti nthambi youma ija inathyoka yokha n'kukagwera kutali ndi nyumba. Ndikulumbira pali manda a bambo anga!

Kutsika ndinachita kutsetsereka, buluku likufuka utsi, makungwa akusendeka m'mbuyo mwanga, ndipo ulendo wake unali wautali moti ndinamaliza kupemphera korona yonse n'kuyambanso ina. Mukaona bulugamu wa kumeneko ali woyera wopanda khungwa, dziwani kuti ndinapitapo ine.

Pansi ndinapeza anthu mitu ili nyowenyowe, akululuta. Tenanti wina wa ku Mulanje, aMakwinja, anandigwira chanza ndi manja awiri.

"AMbewe, mwaboola kumwamba! Mvula yoyamba yatigwera pompano!"

Anathamanga kukatenga khasu n'kubzala chimanga tsiku lomwelo. Ine ndinangogwedeza mutu, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuvomera kuti ndine munthu amene anagwetsa mvula mu Okutobala. Kuyambira pamenepo chingwe ndimachipapasa kawiri, kaya pali khamu kaya ndili ndekha, ndipo m'nkhokwe sichilowanso.

Koma poti aMakwinja anabwerera kwawo kalekale, lero ndikuuzani. Chimanga chawo sichinamere. Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe, mvulayo inagwa pansi pa mtengo umodzi wokha, ndipo inayamba pamene nkhosi yachiwiri inati thwa. Zotsalazo mukafunse Nabanda, ndi amene anachapa buluku.