Ana a Holide pa Njinga Yanga

Inu anyamata a kabaza amene mukusekerera pakona apo, sekani mano akadalipo, koma wotsutsa aimirire ndimuone nkhope. Inu mukanyamula mayi mmodzi ndi dengu la tomato mumayamba kale kupempha madzi. Ine ndinapalasa njinga anthu asanafewe.

Chinali chaka chimene ana anga aakazi, Chisomo ndi mng'ono wake Tadala, ankabwera ku holide ya Khisimisi kuchokera kusukulu yogonera konko. Galimoto ya sukulu inawatula ku Chileka, maminibasi atadzaza mpaka makondakitala kulendewera kunja. Apongozi anga, eni malo amene ndinakwatirapo kuno ku Lirangwe, ananditumizira mawu kudzera mwa mayi akunyumba, poti ine ndi iwo sitiyang'anana: "Akamwini akalephera kubweretsa adzukulu anga lero, atenge khasu lawo azipita kwawo." Mukumva? Munda, nyumba, mkazi, zonse zinatsamira pa tcheni cha njinga.

Ndinafika ku Chileka mvula itamanga, ana a yunifomu ali piringupiringu pamsewu, ndinangokuwa kuti a ku Lirangwe kwerani, ndipo anakwera, wina pakaliyala, wina pachitsulo, awiri pamapewa, masutikesi pamutu panga, matiresi pamwamba pa masutikesi, kamtsikana kena pamwamba pa matiresi kakuwerenga buku. Nditaponda pedulo kamodzi fumbi linabuka m'matope, ndege imene inkanyamuka pabwalo ndinaipitirira, woyendetsa wake anatsegula windo n'kundichonderera kuti ndichepetse liwiro poti ndikumuchititsa manyazi pamaso pa alendo, mvula inatithamangitsa mpaka pa Lunzu, inatopa n'kukhala pansi kupuma. Tayala litaphulika ndinalipakira udzu, udzuwo unamera tikuyenda, mbuzi za m'midzi yonse zinatilondola zikudya tayala, ine osaima. Mabuleki ndinalibe, ndinkadalira chidendene, ndiye poti ndiime pa Lirangwe ndinakaimira ku Mdeka, chidendene chikufuka utsi, mayi wina anawotcherapo chimanga n'kugulitsa. Chipsera chake ndi ichi, bwerani muchigwire.

Ndinabwerera n'kulowa m'mudzi chifuwa chili patsogolo. Apongozi anasuzumira ali kuseri kwa nkhokwe, anayang'ana ana aja mmodzimmodzi, kenako anafunsa mayi akunyumba kuti, "Kodi awa ndi ana a yani?"

Chisomo ndi Tadala anali pakhonde akudya mango. Anali atafika kalekale pa lole ya feteleza. Ine m'changu chija sindinayang'ane nkhope, ndinayang'ana yunifomu.

Apongozi anaseka mpaka kuiwala mwambo n'kundiyang'ana m'maso, ndipo za khasu zinathera pomwepo. Ana a eni aja anadya nafe Khisimisi makolo awo asanawapeze, anagona mothithikana pamphasa, anaimba nyimbo za kusukulu mpaka agalu kulowerera. Mbuzi yanga inatha yonse, ine ndinangolawa msuzi, koma Khisimisi yokoma ngati imeneyo sindinaionenso, ndipo ndimaisowa.

Mukuti bodza? Mboni ilipo. Mnyamata amene anakhala pachitsulo uja ndi amene anadzakwatira Chisomo, ndi uyo akukonza khola langa apoyo. Muitaneni, mumufunse pamaso panga ngati ndege ija sitinaipitirire. Akatsutsa, khasu lake ndi ilo, njira ya kwawo akuidziwa.