Tambala wa Mfumu ya Kumitambo

Anzanga, mpaka lero ndikatsika minibasi pa Area 23 pali anthu ena amene amandipatsa moni akubisa kuseka, ndiye ndaona kuti bola ndikuuzeni ndekha nkhaniyi isanakupezeni ena ataithira kale mchere.

Inali nthawi ija mafoni a m'manja anali atangoyamba kuchuluka, ine ndikuphunzitsa Chichewa pasukulu ina ya pulayiveti ku Biwi. Achinyamata a mpingo wathu anakonza mpikisano wa masewero, magulu atatu: a ku Chinsapo, a ku Kawale ndi eni malo a ku Area 23. Gulu lililonse linauzidwa kuti lipeke dziko lakelake loti kulibe, ndi zolengedwa zake, kenako oweruza anene kuti ndi dziko liti kapena cholengedwa chiti chimene chaonetsa bwino kuona mtima. Opambana ndiwo amakasewera kumsonkhano waukulu wa achinyamata, ndipo ana aja anali atavutika nazo kwa nthawi, ena kumayenda wapansi madzulo aliwonse kupita kokayeserera. Atandipempha kuti ndikhale woweruza wamkulu ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Ndani sakonda kukhala kutsogolo, patebulo loyalidwa nsalu, anthu akumutchula kuti mlendo wolemekezeka?

Tsoka linayambira mu minibasi. Kondakitala potifinya kuti tikhale anayianayi, chigongono chake chinagwetsa magalasi anga, ndipo bambo wina potsika anawaponda n'kupitiriza ulendo wake osadziwa n'komwe. Ine popanda magalasi ndimaona anthu ngati mitengo yoyenda. Komabe ndinadzilimbitsa mtima kuti chilungamo amachimva ndi makutu, ndipo ndinalowa mu holo ya tchalitchi nditavala bulauzi yanga yoyera ya pa ukwati wa mchemwali wanga, osauza munthu aliyense kuti ndikuona mwa chimbuuzi. Magetsi nawo anali atathima kuyambira m'mawa. Woweruza mnzanga anali a Nachisale, mayi wa kwaya, munthu wofatsa amene salankhula kawiri.

Anayamba a ku Chinsapo. Dziko lawo linali la nyumba zopanda makoma, kumene aliyense amaona zonse zimene mnzake akuchita, choncho kunalibe wakuba kapena wamiseche. Anasewera bwino, koma ine ndinadzifunsa kuti kodi munthu amene alibe pobisala tinganene kuti ndi woona mtima? Mwina wangosowa mpata. A ku Kawale anabwera ndi mbuzi yolankhula imene inkayetsemula munthu akanama pafupi nayo, ndipo holo yonse inafa ndi phwete mbuziyo itayetsemula mkamwini akulonjeza apongozi ake kuti wasiya mowa. Ndinaseka nawo, koma mtima sunakhutire. Anthu a m'dzikolo ankanena zoona poopa mbuzi. Chimene ndinkafuna ine ndi cholengedwa choti chikanatha kubisa, popanda wochigwira, koma n'kusankha chokha kunena zoona ngakhale zichipweteke.

Kenako anabwera eni malo ndi dziko lawo la kumitambo, kumene anthu ake anali odzola phulusa thupi lonse, ndipo mlandu unali wakuti wina waba mvula. Mnyamata amene amayenera kukhala mfumu anali atagwidwa malungo m'mawa womwewo, ndiye anapempha Bambo Mwale, mkulu wa mpingo amene nyumba yake inali kuseri kwa holoyo, kuti angokhala pampando atavala chisoti cha katoni n'kumagwedeza mutu basi.

Mlandu wa mvula uli mkati, chitseko cha m'mbali chinatseguka ndipo panatulukira chinthu chachitali, choyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chitanyamula kanthu kofiira m'manja. Chinayenda mwakachetechete, chinafika pamaso pa mfumu, chinagwada. Osewera ena onse anaima n'kumayang'anana. Ndiye chinalankhula ndi mawu otsika.

“Bambo, ndagunda tambala wanu ndi njinga kuseri uku. Palibe amene wandiona. Kwathu ndiwo kulibe, ndipo ndinafika naye mpaka pa mphambano, koma mtima wandikaniza. Ndi uyu.”

Mfumu inayang'anitsitsa kanthu kofiira kaja, ndipo ine mumtima ndinati Bambo Mwale awa tinkawapeputsa, katswiri wa zisudzo anabisala mwa iwo. Pomaliza anangonena kuti akambirana panja zikatha izi, ndipo chinthu chija chinakakhala pansi pafupi ndi chitseko. Ana aja anamaliza sewero lawo mothamanga ngati akuthawa mvula yeniyeni, koma ine ndinali nditapeza kale chimene ndinkafuna, misozi ili lengelenge.

A Nachisale anandikodola, n'kuyandikira khutu langa kuti andiuze kanthu. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawauza mwaulemu kuti oweruza sanong'onezana pagulu, anthu angaganize kuti tikukondera. Mayi aja anangopinda manja n'kuyang'ana kudenga.

Ndinaimirira kupereka chigamulo. Ndinayamikira a ku Chinsapo, ndinayamikira mbuzi, n'kufotokoza bwinobwino chifukwa chimene sindinakhutire nawo. Kenako ndinalengeza kuti cholengedwa choona mtima koposa ndi mzukwa wa tambala wa m'dziko la kumitambo, ndipo a Area 23 apambana. M'malo mwa nthungululu ndinamva kanong'onong'o, ndipo ngakhale opambanawo sanawombe m'manja. Ine ndinati ana awa ndi odzichepetsa. Ndinaitana mzukwa uja kuti ubwere kutsogolo. Unabwera mokayika, ndinaugwira dzanja n'kulikweza m'mwamba, n'kuufunsa kuti luso limeneli unaliphunzira kuti. Unayankha kuti sunaphunzire kalikonse, umangogwira ntchito kuchigayo cha kumsika. Ndinatembenukira kwa achinyamata n'kuwauza kuti aphunzirepo, katswiri weniweni satuluka m'sewero ngakhale sewero litatha.

Apa ndikanakhala pansi, mwina ulemu wina ukanatsala. Koma mphunzitsi sakhutira asanakonze kanthu. Ndinati pali kachinthu kamodzi kokha kamene sikanandisangalatse, ndipo ndi tambalayo, chifukwa ngakhale ndili kutali ndimachita kuoneratu kuti ndi wa nsanza. Ndinalangiza kuti ulendo wina azipeza chinthu chofanana ndi nkhuku yeniyeni. Pofuna kuonetsa chimene ndikunena, ndinalanda tambalayo m'manja mwa mzukwa uja n'kumukweza kuti onse aone.

Anali wofunda, anzanga. Wolemera. Mutu unagwera pamkono panga, magazi n'kuyenderera pa bulauzi ija, ndipo dzanja langa linali mbuu ndi ufa wa mgaiwa wochokera pa ovolosi ya munthu uja. Bambo Mwale anavula chisoti chawo cha katoni n'kulankhula mofatsa.

“Aphunzitsi, tambalayo ndi wanga, ndipo wafadi. Bambo awa sali m'sewero, angouzidwa kunyumba kuti ndili muno.”

Kuseka kumene kunabuka m'holomo sindinakumvenso kwina kulikonse. Mbuzi ya ku Kawale inagubuduzika pansi, nyanga zake za mapepala n'kuthothoka. Bambo wa kuchigayo yekha ndi amene sanaseke, ankangondiyang'ana mwachisoni, kenako anandifunsa ngati ndingamubwezere tambalayo poti nkhani yake ndi mwini wake inali isanathe.

Ana a ku Kawale sanachedwe kudandaula, ndipo anali ndi mfundo, chifukwa sungapambane ndi munthu amene sali m'gulu lako. Ndinapepesa, ndinaulula za magalasi, n'kusiya zonse m'manja mwa a Nachisale, amene ananena mawu ochepa okha n'kupereka chipambano kwa mbuzi. Bambo Mwale anakhululukira munthu uja, ndipo ndinamva kuti tambalayo anagawana pakati, ntchafu imodzi uku ina uko.

Pobwerera ku Biwi, nditafunda chitenje chobwereka kuti ndibise magazi, ndinkaganizabe za nkhaniyi, ndipo ngakhale lero ndikaifatsira ndimaona kuti kusankha ndinasankha bwino. Ana aja anapeka maiko atatu kufunafuna kumene kuona mtima kungakhale, ndipo m'maiko awiri anachita kugwetsa makoma ndi kuika mlonda kuti anthu anene zoona. Ine ndemwe, nditamva munthu akubweza nkhuku imene akanatha kukadya ndi ana ake, sindinaganizeko n'komwe kuti angakhale munthu wa pamsika pomwepa. Ndinathamangira kunena kuti ndi wa kumitambo. Manyazi a magazi anatha nditachapa bulauzi, koma awa amandibwererabe.

Chaka chotsatira anabweranso kudzandipempha kuti ndikaweruze, akuti anthu anasangalala kwambiri. Ndinakana, ndipo ndidzakanabe. Tsiku limene adzandikakamize, ndisanakhale pampando ndidzayamba ndazungulira holo yonse, kugwira aliyense paphewa n'kumufunsa ngati ali m'sewero kapena wangobwera ndi zake.