Mkazi wa Pakhoma

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma poti kwa Ndunde konse anaimva kale, imvani nanunso manyazi anga.

Ine ndimatolera mafilimu akale a nthawi ya nkhondo. Matepi ndili nawo odzaza katoni, deki ikugwirabe bwinobwino. M'Chiradzulu muno palibe wondiposa, zimenezo ndiye sindibisa. Filimu ya pamtima panga ndi ya msilikali wachizungu amene anakondana ndi namwino wachimwenye.

Tsiku lina ndinapeza chithunzi cha namwinoyo kwa ogulitsa mabuku akale ku Limbe. Ndinachigulira felemu n'kuchikoloweka pakhoma, pamwamba pa chithunzi cha ukwati wathu. Mkazi wanga anangoti, "Misala yanu ija," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Tsono ine ndine mkamwini, ndipo kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, nanji kufunsana. Loweruka masana apongozi anasuzumira pazenera filimu itangotha, n'kundipeza ndikuyang'ana chithunzi chija, misozi ili chuchuchu.

Sanandifunse. Anafunsa mlamu wanga, mlamu anafunsa mayi wogulitsa tomato. Pofika Lolemba ndinali nditakwatira mwana wa mmwenye wa sitolo ku Limbe. Lachitatu tinali ndi ana awiri!

Lachisanu anatulukira ankhoswe, amalume a mkazi wanga.

"Bambo, mayi ameneyu tim'dziwe lero. Apo ayi, pindani bulangete lanu muzipita kwanu."

"Amalume, ameneyutu ndi wa mufilimu!"

"Aliyense amagwira ntchito penapake. Ine ndafunsa, ankhoswe ake ndani?"

Mkazi wanga, m'malo mondipulumutsa, anali kuseri kwa chitseko akufa ndi phwete. Ndinaona kuti banja likutha ndikuona. Ndinalumikiza deki ku batire, n'kuponya tepi.

 Filimu itafika poti msilikali wakwera sitima ya pamadzi, namwino akum'bayibitsa padoko, amalume anayamba kupukuta m'maso ndi chipewa. Kenaka apongozi anakuwa ali pazenera:

"Tsika, galu iwe! Mwana wa eni ukum'siyira ndani?"

Ndinatukula chifuwa. Filimu yanga, yosankha ndekha, yaliza apongozi!

"Mlandu palibe," anatero amalume akumina. "Koma chithunzicho chitsike lero. Mtsikanayu wavutika kale ndi mwamuna mmodzi wopanda nzeru, asavutikenso ndi wachiwiri."

Pachikamwini, ngakhale mkazi wa papepala amafuna ankhoswe.