Mwala wa Pachumuni cha Abwana

Ukhondo unatsala pang'ono kundikweza ndege yobwerera ku Dedza. Ndiulule basi.

Nthawi ya korona ndinkayeretsa m'nyumba mwa bwana wina wa ku Mangalande, ku Sports City, mumzinda wa Dubai. Poti ndege zinaima, abwanawo ankangokhalira kuyang'ana chithunzi cha nyumba ya kwawo: makoma amiyala, denga lamiyalanso, timawindo ngati ta kundende, paliponse ndere. Ankati yakhala zaka mazanamazana, ndipo boma silikulola kusintha ngakhale chitseko popanda chilolezo. (Ine chamumtima: kwathu angakuseke kuti mwana ali kunja koma nyumba yosapaka pulasitala.)

Pashelefu panali mwala wakuda bii, umene unasweka pachumuni cha nyumbayo. Ine kukhala chete kunkandikanika masiku amenewo. Zogwirira zitseko ndinali nditazipukuta kasanu, ngakhale nthochi ndinkazisambitsa. Tsiku lina abwana atatsekera kuchipinda pamsonkhano wa pakompyuta, maso anga anagwera pamwala uja. Bulichi, bulashi, kwechekweche! Unatuluka uli mbuu ngati sopo.

Ndipamene nzeru zinabwera. Ndinaimbira Mwansa, mnzanga wa ku Lusaka wolondera pageti. Anaseka kaye, kenako anati ndiuviike m'tiyi. Unafiira. Ndinaupaka khofi, n'kuukwirira mumphika wa maluwa, n'kumauthirira pakhonde kuti mwina ndere zimera. Ndere ku Dubai! Masiku awiri ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira, ndikuganiza za ana anga awiri amene amadalira ntchito imeneyi.

Tsiku lachitatu abwana anaufuna. Anaununkhiza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinafotokoza zonse.

"Kuda kuja sikunali litsiro," anatero motsitsa mawu. "Unali mwaye. Aliyense wa kwathu anaothapo moto umenewo, mpaka bambo anga."

Bambowo anali atamwalira mwezi wathawo, iwo osapita kukaika maliro. Ndinachita manyazi mpaka m'mafupa. Ndikanakonda akanandikalipira.

Sanandichotse. Anangoti khalas, kutanthauza kuti zatha, n'kugula kabokosi kagalasi kokhala ndi loko. Mwalawo uli momwemo, ukununkha khofi mpaka lero.

Galasilo ndimalipukuta kawiri patsiku. Koma chithunzi chija ndimachidutsa nditapinda manja kumbuyo, chifukwa khoma la ndere lija likandiyang'ana, zala zimandiyabwabe.