Tsiku Limene Ndinapha ba Tembo ndi Bakapu

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimafuna kusamuka m'Matero muno. Koma mverani, mundiseke.

Ine ndimasamalira webusaiti ya mpingo wathu, n'chifukwa chake amanditcha Ba IT. Mayina a akhristu a nthambi zonse, manambala a foni, mauthenga a maukwati ndi maliro, zonse zili mu databesi imodzi yaikulu. Tsiku lina seva, kompyuta yosunga zonsezi, inagwa. Bakapu yatsopano, kope la zonsezi lomwe timasunga padera, inakana kutseguka, ndiye ndinatenga yakale n'kuibwezeretsa. Zonse zinayambanso kuyenda. Ndinadzimenya pachifuwa: injiniya ndine!

Ndili pamzere wa madzi pa kiyosiki, foni inalira. Meseji ya mpingo: "Ba Tembo a ku komboni ya George atisiya. Maliro ali kunyumba."

Mayo ine! Ba Tembo, mkulu wa mpingo amene dzulo lomweli tinaseka naye? Ndinasiya chigubu pomwepo n'kukwera minibasi.

Kwa ba Tembo ndinapeza azimayi atamanga kale zitenge, akulira kuyambira pageti. Nanenso ndinalowa nditagwira mutu. Mwadzidzidzi kuseri kwa nyumba kunatuluka munthu atamanga thawulo, sopo ali m'makutu.

Ba Tembo!

Azimayi anabalalika. Wina analumpha mpanda. Ine ndinatsala pomwepo.

"Nanga ni vichani ivi?" anafunsa ba Tembo. "Wafa ndani?"

"Ndimwe," ndinayankha.

Mantha atatha, ine ndinakwiya kuposa onse. "Chipuba chamene chatuma iyi meseji chifunika kumenyewa! Kupaya munthu wamoyo sure?"

Akazi a ba Tembo anatenga foni yanga n'kuwerenga. "Iyi meseji niiziba. Ni ija ya maliro ya bapongozi banga, batate bake ba aba. Yabwela bwanji futi?"

Pomwepo ndinazindikira. Bakapu yakale ija inali ya sabata ya maliro a bambo a ba Tembo, omwenso anali ba Tembo, meseji ili pamzere kudikira kutumizidwa. Nditaibwezeretsa, makina anangoitumizanso kwa mpingo wonse.

"Ba IT," anatero mayi aja pang'onopang'ono, "si ndimwe musunga ivi vinthu?"

Azimayi onse anatembenukira kwa ine. Wina anavula patapata.

"Musiyeni," anatero ba Tembo, akuyang'ana nkhope imodziimodzi. "Wanithandiza kuona bamene bazabwela kunilila. Manje mulamu wanga ali kuti? Meseji sanaione?"

Anzanga, musanadzutse bakapu yakale, yambani mwaona kuti ikupha ndani.