Funso Limodzi Lokha Limene a Mukuonabwanji Anayankha

A Mukuonabwanji anakhala pa dziko lino mpaka imvi mbuu osayankhapo funso la munthu, kupatula limodzi, ndipo limenelo ndikuuzani mukakhazika mtima pansi. Ukawafunsa nthawi, ankayang'ana wotchi yawo bwinobwino, kenako n'kuyang'ana iwe: "Inu mukuona bwanji?" Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Ngakhale adzukulu awo ankawaitana lomweli.

Ena amati anabadwa nawo matendawa. Akuti pa ukwati wawo, abusa atafunsa ngati akumutenga mkaziyu, iwo anatembenukira kumpingo. Ine kunalibe, koma akazi awo sanatsutsepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ntchito ndiyo inawakulitsa matendawo.

Iwo ndi mlamu wawo, mng'ono wa akazi awowo, anali ndi kampani yophunzitsa anthu odzipereka: osamalira odwala m'makomo, makomiti a madzi, magulu a achinyamata. Ndikati kampani musaganize zagalasi. Chinali chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya penti, desiki imodzi, ketulo, ndi bolodi la miyendo itatu, wachitatuwo womanga ndi waya. Mlamuyo ndiye ankasaka ntchito ndi kulemba malipoti. Bamboyo ankaima kutsogolo ndi cholembera chonenepa n'kumabweza mafunso ngati mpira. Ankati mphunzitsi weniweni sathira nzeru m'mitu ya anthu, amatunga zimene zilimo kale. Amati safunsa anadya phula. Iwo phula sanalilawepo, tinkadya ndife.

Tsiku lina wapolisi anawaimitsa ali pa njinga yamoto, bolodi lija atalimangirira kumsana ngati mwana. Anawafunsa ngati akudziwa chimene wawaimitsira. Mukudziwa kale chimene anayankha. Anthu odutsa anapeza wapolisiyo akufotokoza za mapazi ake otupa ndi bwana wake wosamva, bambo aja akugwedeza mutu n'kumati apitirize. Pomaliza wapolisiyo anawathandiza kumangitsa bolodi lija.

Koma panafika chaka chimene kuseka kunatha. Bungwe limene linkawapatsa ntchito linatumiza mnyamata wa laputopu kudzaona ngati maphunzirowo ali ndi phindu. Akakalemba zoipa, ntchito yatha, ndipo mlamu uja ankadziwa kuti kaofesi kangatsekedwe mwezi womwewo. Iye anasiya ntchito yabwino kuti ayambitse kampaniyi, abale akumunena kuti wapenga. Kubwerera kwa abale omwewo ketulo ili m'manja, ndiye imfa imene ankaiopa.

M'mawa wa tsikulo mlamuyo anawatsekereza pa masitepe.

"Alamu, lero lokha. Akakufunsani, muyankhe ngati munthu."

"Inu mukuona..."

"Ndikuona kuti ndikugwetsani pano."

Analonjeza. Mu holo munadzaza amayi osamalira odwala, ena ana ali kumsana. Mnyamata uja anatsegula laputopu n'kufunsa mwaulemu kuti kodi anthuwa mwawaphunzitsa chiyani. Bamboyo anatsegula pakamwa. Thukuta linatsika. Anayang'ana mlamu wawo, amene anali atafinya chikwama ngati akupha nkhuku. Anayesetsa, ndithu anayesetsa. Koma fisi sasintha mawanga. Anatembenukira kwa amayi aja, mawu n'kutuluka okha.

Wapampando wa gululo, mayi wamfupi wa mawu ngati belu, anaimirira n'kunena kuti bambo awa sanawaphunzitse kanthu. Mlamu uja anatseka maso. Mumtima anali atayamba kale kulongedza.

Mayiyo anapitiriza. Anati gulu lawo linkatha, anthu akuthawa mmodzimmodzi chifukwa chotopa, poti kusambitsa wodwala wa eni kwanu ana akulira si masewera. Anabwera kudzafunsa chochita, bambowa n'kuwabwezera funso lawo lomwe. Anatuluka atakwiya, n'kukakhala pokwerera basi kumawatukwana. Kutukwana kuli mkati, wina anati bwanji tiziyenda awiriawiri. Wina anati amene wapita kwa odwala, ana ake azisiya kwa mnzake. Basi inabwera n'kupita, iwo akukonzabe.

"Chiyambire palibe wachoka," anatero. "Aja anabwera kale ndi mabuku anatiuza zonse, ndipo mpaka lero tikuwadikira adzatiuzenso. Awa ndi ovuta, koma musatichotsere."

Mnyamata uja anakanda m'mutu. Anati fomu yake ilibe malo olembapo zoterezi, ndiye alembe chiyani? Holo yonse inamuyankha pamodzi ngati kwaya. Bungwe lija linawapatsanso ntchito, yocheperako, koma ketulo inatsala pamalo pake. Mlamuyo sanawalankhule sabata yonse, kenako anawagulira cholembera chatsopano.

Matenda enieni atabwera, dokotala anawafunsa pamene pakupweteka, ndipo anamwino anachita kutuluka kukasekera panja. Koma masiku atapita, kuseka kunachepa. Thupi linatha, mawu anatsala a mpweya.

Masana ena mlamu uja anakhala pambali pa bedi, akazi a bamboyo atapita kukachapa. Anawauza zimene sanauzepo munthu: kuti payekha sangathe, kuti iye amadziwa malipoti basi, kuima pamaso pa anthu si zake. Ndiye anafunsa ngati atseke ofesi. Anafunsa akudziwa yankho, anali atayamba kale kumwetulira.

"Musatseke, alamu."

Mlamuyo anadzidzimuka ngati wamva mbuzi ikulankhula. Anafuna kuitana namwino. Zaka zonsezo anapempha yankho limodzi, ndipo litabwera linamuliza. Bamboyo anamuyang'ana akulira, kenako anatsinzina diso limodzi.

"Kaya inu mukuona bwanji."

Pa maliro panadzaza anthu odzipereka, ena ochokera kutali, atabwera awiriawiri.

Ofesi ilipo. Mlamuyo amaima yekha kutsogolo tsopano, bolodi lawaya lili pambali. Analemba ntchito mtsikana wa kuyunivesite, wanzeru zedi, amene amakuyankha funso usanalimalize. Wa shopu ya penti amati masitepe aja anazizira, sakumvanso anthu akutsika akung'ung'udza n'kumakangana mpaka pamsewu. Nthawi zina mtsikanayo akafunsa kanthu, mlamuyo amayamba, "Iwe ukuona..." n'kulekera pomwepo, kupita kukayang'ana ketulo yosawira.

Inenso masiku ano ndikafunsa nthawi, amangondiuza. Ndimathokoza, n'kuima pomwepo, osadziwa kuti ndichite nayo chiyani.